Akwariyamu ya makorali

Akwariyamu ya makorali ndi thanki ya galasi kapena ya pulasitiki yoonekera mkati, imene munthu amasungiramo makorali amoyo, nsomba ndi tinyama tina ta m'nyanja za mchere m'nyumba mwake. Chofunika kwambiri mmenemo ndi makoraliwo, ndipo nsomba zimasankhidwa poona ngati sizingawadye kapena kudetsa madzi. Thanki yotereyi ndi yosiyana ndi ya mbuna za m'nyanja ya Malawi, zimene anthu ambiri amaweta ku Ulaya ndi ku America, pakuti mbuna ndi za m'madzi opanda mchere.

Makorali amaoneka ngati zomera kapena miyala, koma ndi nyama. M'matupi mwa mitundu yambiri mumakhala ndere zosaoneka ndi maso zotchedwa zooxanthellae, zimene zimapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala n'kumagawirako makoraliwo. Madzi akatentha kwambiri kapena akasintha mwadzidzidzi, makorali amatulutsa nderezo, amayera mbuu, ndipo kawirikawiri amafa. Choncho ntchito yaikulu ya woweta ndi kuonetsetsa kuti madzi sakusinthasintha.

Mbiri

Kwa nthawi yaitali anthu ankakongoletsa mathanki a madzi a mchere ndi zigoba za makorali akufa, chifukwa amoyo sankachedwa kufa. Mu 1961 Lee Chin Eng wa ku Indonesia anafotokoza njira yosungira zamoyo za m'nyanja pogwiritsa ntchito madzi enieni a m'nyanja, miyala yochokera komweko ndi kuwala kwa dzuwa. M'zaka za m'ma 1970 oweta a mumzinda wa Berlin ku Germany anaphatikiza miyala yotereyi ndi nyali zowala kwambiri komanso makina ochotsa zonyansa. Njirayi imadziwika ndi dzina la mzindawo, ndipo mathanki ambiri a masiku ano amatsatira yomweyo.

Kukula ndi kulemera

Thanki yaikulu ili ndi ubwino umodzi woonekeratu: madzi ambiri sachedwa kusunga kutentha ndi mchere wake pa mlingo umodzi, ndiye cholakwika chaching'ono sichiwononga zonse nthawi imodzi. Vuto lake ndi kulemera. Thanki ya mamita 2 m'litali, masentimita 60 m'lifupi ndi masentimita 60 msinkhu imalowa malita 720. Lita imodzi ya madzi a mchere imalemera kuposa kilogalamu imodzi pang'ono, ndiye madzi okhawo amapitirira makilogalamu 700. Kuwonjezera galasi, miyala, mchenga ndi choikapo chake, zonse zimayandikira kapena kupitirira tani imodzi. Pansi pa simenti pamapirira, koma m'nyumba ya matabwa kapena yosanja pamafunika katswiri wa zomangamanga aone kaye. Choikapo chiyenera kukhala chosapendekeka, chifukwa thanki yopendekeka imakakamiza molumikizira magalasi ndipo imatha kung'aluka patapita miyezi. Ikadzazidwa sisunthikanso.

Madzi

Oweta ambiri sagwiritsa ntchito madzi a m'nyanja. Amasakaniza mchere wopangidwira ntchitoyi ndi madzi osefedwa ndi makina a reverse osmosis. Mchere wothira m'ndiwo sugwira ntchito, chifukwa mulibe kashiamu, maginiziyamu ndi michere ina imene ili m'nyanja. Madzi a pampopi nawo amatha kukhala ndi klorini, fosifeti ndi kopa. Fosifeti imameretsa ndere zosafunika, pamene kopa, ngakhale wochepa kwambiri, amapha makorali ndi nkhanu.

Mchere umayenera kukhala pafupifupi magalamu 35 pa kilogalamu iliyonse ya madzi, monga mmene zilili m'nyanja zikuluzikulu, ndipo kutentha kukhale pakati pa madigiri 24 ndi 27. Makorali olimba amamanga zigoba zawo ndi kashiamu ndi kaboneti zochokera m'madzi, ndiye akamakula zinthuzi zimachepa ndipo zimafunika kubwezeretsedwa. Kashiamu amasungidwa pa mamiligalamu 400 mpaka 450 pa lita.

Apa pali chinthu chimene oyamba kumene amalakwitsa kawirikawiri. Madzi amauma tsiku ndi tsiku, koma mchere suuluka nawo, umatsala m'thanki. Wowonjezera madzi a mchere m'malo mwa amene auma amachulutsa mchere pang'onopang'ono osadziwa. Owonjezerawo amayenera kukhala opanda mchere. Madzi a mchere atsopano amathiridwa pokhapokha ena akale atachotsedwa, monga gawo limodzi mwa magawo 10 pa sabata imodzi kapena ziwiri.

Kudikira mabakiteriya

Thanki yatsopano siikidwa nsomba tsiku lomwelo. Zonyansa za nsomba ndi zakudya zotsala zimatulutsa amoniya, amene ndi chiphe. Mabakiteriya ena amasandutsa amoniyayo kukhala nitrite, amenenso ndi woopsa, ndipo ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene savulaza akakhala wochepa. Mabakiteriyawa amakhala pa miyala ndi mumchenga, ndipo kuti achuluke mokwanira pamapita masabata 4 mpaka 8. Miyala ya timabowo tambiri imene ili kale ndi mabakiteriya ndi tinyama imatchedwa miyala yamoyo, ndipo ndiyo sefa yeniyeni ya thankiyo. Woweta amayeza madzi mpaka amoniya ndi nitrite atatheratu, kenako amaika nsomba ziwiri kapena zitatu zokha. Mabakiteriya amachuluka molingana ndi zonyansa zimene zilipo, ndiye kuika nsomba 15 nthawi imodzi kumawapambana mphamvu. M'miyezi yoyamba miyala imakutidwa ndi ndere zofiirira kenako zobiriwira. Zimenezi n'zosasangalatsa kuona, koma zimachitika m'mathanki ambiri atsopano. Makorali ofewa ndi amene amayamba kuikidwa, ndipo ovuta monga Acropora amadikira miyezi 6 kapena chaka.

Zipangizo ndi magetsi

Pansi pa thanki yaikulu pamakhala ina yaing'ono yotchedwa sump, mobisikamo zipangizo. Mmenemo mumakhala protein skimmer, makina amene amapanga thovu lokola zonyansa zisanawole. Pamwamba pamakhala nyali za LED zoyaka maola 8 mpaka 12 pa tsiku, ndipo mkati mumakhala mapampu oyendetsa madzi ngati mafunde, poti makorali sayenda ndipo amadalira madzi kuwabweretsera chakudya ndi kuwachotsera zonyansa.

Zonsezi zimafuna magetsi usana ndi usiku. Mapampu akaima, mpweya wa okosijeni umachepa ndipo nsomba zimatha kuyamba kufa patangopita maola ochepa. Kumalo kumene magetsi amazimazima, kuyamba ntchitoyi popanda mabatire kapena jenereta n'kutaya ndalama.

Ngozi ndi chilengedwe

Nsomba yatsopano imasungidwa payokha kwa masabata angapo isanalowe m'thanki yaikulu. Matenda a timadontho toyera, amene amayamba ndi kachilombo ka Cryptocaryon irritans, amachizidwa ndi mankhwala a kopa, ndipo mankhwalawo sangathiridwe m'thanki ya makorali.

Woweta nayenso ali pa ngozi. Makorali ena ofewa a mtundu wa Palythoa ali ndi chiphe choopsa chotchedwa palytoxin, chimene chimalowa pa bala, m'maso kapena popuma. Mabanja ena anagonekedwapo m'chipatala chifukwa chothira madzi otentha pa miyala yokhala ndi makoraliwa m'nyumba. Powagwira pamafunika magolovesi ndi zoteteza maso.

Nsomba zambiri za m'mathankiwa zimagwidwabe m'nyanja, makamaka ku Indonesia ndi ku Philippines, kumene asodzi ena amazikomola ndi cyanide ngakhale kuti malamulo amaletsa. Chiphecho chimaphanso makorali a pamalopo. Makorali onse olimba ali pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, kutanthauza kuti kuwatumiza kunja kwa dziko kumafuna chilolezo. Masiku ano makorali ambiri amachulukitsidwa podula tizidutswa n'kutimata pa miyala, ndipo nsomba monga clownfish zimaswetsedwa m'mathanki. Kutaya zamoyo za m'thanki m'nyanja n'koopsanso. Nsomba ya lionfish, yochokera ku nyanja za Indian ndi Pacific, inaoneka kufupi ndi Florida mu 1985, ndipo akatswiri amakhulupirira kuti inatayidwa ndi oweta. Panopa yafalikira m'nyanja ya Caribbean, kumene ikudya nsomba zing'onozing'ono za m'matanthwe a kumeneko.