Foni ikapanda kulira: chifukwa chake quarterback wotchuka amachedwa kusankhidwa

Chaka chilichonse chakumapeto kwa Epulo, matimu 32 a ligi ya NFL, ya mpira wa chi America, amakhala pansi kugawana anyamata amene akutuluka m'makoleji. Mwambowu amautcha draft. Timu imene inachita moipitsitsa chaka chathacho ndiyo imayamba kusankha, akatswiri a ligi ndiwo amamaliza, ndipo amazungulira chomwecho ndime 7 m'masiku atatu mpaka anyamata oposa 250 atapeza kolowera. Ndime yoyamba imaonetsedwa pa wailesi ya kanema ngati masewera enieni. Anyamata amene akuyembekezeka kutengedwa msanga amaitanidwa, amavala masuti, n'kukhala m'chipinda chodikirira pamodzi ndi makolo awo, foni ili patebulo. Nthawi zambiri pamapezeka mmodzi amene foni yake siilira.

Kawirikawiri ameneyo amakhala quarterback, wosewera amene amalandira mpira poyamba, kuwerenga mmene adani aimira, n'kusankha woti amuponyere. Kwa miyezi yambiri atolankhani amakhala akumutchula pakati pa asanu oyamba. Tsiku likafika, maina a anzake amaitanidwa limodzi limodzi, iye akadali pampando, kamera ili pankhope pake.

Oonera ambiri amathamangira ganizo limodzi: pali chimene wachita. Utsi sufuka popanda moto, amatero, matimu amva kanthu kamene ife sitinamve. Ganizoli silochokera pachabe, chifukwa matimu amafufuzadi mbiri ya mnyamata, mpaka kufunsa aphunzitsi ake ndi ogwira ntchito pakoleji pake. Koma taonani zimene zinachitikira Dan Marino mu 1983. Anasewera bwino kwambiri pa University of Pittsburgh mu 1981, koma chaka chake chomaliza chinamuvuta: anaponya ma touchdown (mipira yobala zigoli) 17, ndipo mipira 23 inagwidwa ndi adani. Anthu posowa chifukwa, anayamba kunong'onezana kuti mwina akugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo. Palibe amene anabweretsapo umboni. Ma quarterback asanu anatengedwa iye asanatengedwe: John Elway, Todd Blackledge, Jim Kelly, Tony Eason ndi Ken O'Brien. Ngakhale timu ya kwawo, Pittsburgh Steelers, inamudumpha. Miami Dolphins inamutenga pa nambala 27 mwa matimu 28 a nthawi imeneyo, ndipo mu 1984 anaponya mayadi 5,084 ndi ma touchdown 48, zimene munthu anali asanachitepo mu ligiyo. Mphekesera ija inamuchedwetsadi, koma kuchedwako sikunali umboni woti mphekesera inali yoona. Zimandiwawa kuti zinthu ziwirizi anthu amazisokonezabe mpaka lero, chifukwa amene amasenza manyaziwo amakhala mnyamata wa zaka 21 kapena 22.

Chifukwa chachikulu n'chosavuta kumva, ndipo sichikhudza khalidwe la munthu. Quarterback ali ngati goloboyi mu mpira wamiyendo: m'bwalo mumalowa mmodzi yekha. Timu ikhoza kutenga olandira mpira awiri kapena otchinga atatu, onse n'kumasewera. Koma timu imene ili kale ndi quarterback womudalira siitayira mwayi wake wa ndime yoyamba pa wina woti akakhale pabenchi. Choncho mwa matimu 32, amene akufunadi quarterback chaka chimenecho amakhala ochepa chabe, ndipo nambala zawo zosankhira sizitsatizana. Mnyamata akadumphidwa ndi timu imodzi yomufuna, yotsatira yomufuna ikhoza kukhala patali ndi nambala khumi kapena makumi awiri. Matimu onse apakatiwo sanamukane. Sanabwere kudzafuna munthu wa ntchito yakeyo.

Nkhani ya Aaron Rodgers imaonetsa zimenezi poyera. Pa 23 Epulo 2005, ku Javits Center mumzinda wa New York, timu yoyamba kusankha inali San Francisco 49ers, imene Rodgers ankaikonda kuyambira ali mwana ku Chico, ku California. Zinali pakati pa iye ndi Alex Smith wa ku Utah. Timuyo, pansi pa mphunzitsi Mike Nolan, inatenga Smith. Tsono werengani matimu amene anatsatira. Chicago, pa nambala 4, inali itatenga Rex Grossman mu 2003. Detroit, pa 10, inali ndi Joey Harrington. San Diego, pa 12, inali ndi awiri, Drew Brees ndi Philip Rivers. Houston pa 16 inali ndi David Carr, Cincinnati pa 17 Carson Palmer, Jacksonville pa 21 Byron Leftwich, Baltimore pa 22 Kyle Boller. Ambiri mwa anyamatawa anali atangosainira ndalama zambiri, ndipo mabwana amene anawasankha anali asanakonzeke kunena kuti tiyesenso wina. Kuyambira nambala 2 mpaka 23 palibe timu inatenga quarterback aliyense. Masiku amenewo timu iliyonse inkapatsidwa mphindi 15 zoganizira, kotero Rodgers anakhala maola oposa anayi, anzake onse oitanidwa atachoka m'chipindamo, mpaka bwana Ted Thompson wa Green Bay Packers anamutenga pa nambala 24.

Panali ndithu matimu angapo amene akanatha kumutenga, monga Miami, Cleveland ndi Tampa Bay, ndipo amenewa anali ndi nkhawa zawo. Rodgers anaphunzitsidwa ndi Jeff Tedford pa University of California. Ophunzira ena a Tedford, monga Akili Smith, Harrington ndi Boller, ankawala ku koleji koma atafika mu NFL zinawavuta. Akadaulo ena anayamba kunena kuti chimene chimawala ndi dongosolo la Tedford osati anyamatawo. Ankadandaulanso kuti Rodgers amanyamula mpira m'mwamba pafupi ndi khutu asanauponye, mowuma thupi, monga anaphunzitsidwira. Mwachidule, anaweruzidwa ndi mbiri ya anthu ena.

Palinso funso limene sitikonda kudzifunsa: amene anamuika pamwambapo ndani? Mndandanda umene timauona miyezi yonse ija si wa matimu. Ndi wa atolankhani ndi akadaulo a pa kanema, anthu ngati Mel Kiper Jr. wa ESPN, amene wakhala pa ntchitoyi kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Ambiri ndi odziwa mpira ndithu, ndipo amalimbikira. Koma sakhala nawo m'chipinda pamene madokotala a timu akupinda bondo la mnyamata ndi kujambula phewa lake ku Indianapolis, kumene anyamata oposa 300 amakayesedwa chakumapeto kwa Febuluwale. Sakhalaponso pamene mphunzitsi akujambula sewero pabolodi, kulifufuta, kucheza nkhani zina, kenaka n'kupatsa mnyamata cholembera kuti alijambulenso ndi kufotokoza ntchito ya wosewera aliyense. Timu iliyonse ili ndi mndandanda wake umene imaubisa, ndipo nthawi zina imatulutsa dala nkhani zosokeretsa kuti anzake asadziwe amene ikumufuna. Dzina la quarterback limakopanso owerenga kuposa la wotchinga, ndiye n'zachidziwikire kuti pamndandanda wa atolankhani ma quarterback amakwera kuposa mmene matimu akuwaonera. Mu 2022 Malik Willis ankatchulidwa m'ndime yoyamba, koma anatengedwa pa nambala 86. Mu 2023 Will Levis anakhala m'chipinda chodikirira usiku wonse woyamba, n'kudzatengedwa mawa lake pa nambala 33. N'kutheka kuti pamindandanda ya matimu ambiri anyamatawa sanasunthe n'komwe. Anali pomwepo kuyambira kale.

Ena amakhulupirira zosiyana ndi zoyamba zija: amati mnyamata akachedwa, ndiye kuti mabwana a matimu ndi akhungu kapena atsankho, ndipo adzawachititsa manyazi. Ganizo ili ndimalimvetsa, ndipo mbali ina ndi loona. Kwa zaka zambiri anyamata akuda ankauzidwa kuti ntchito ya quarterback si yawo, asinthe akhale othamanga ndi mpira kapena oulandira. Warren Moon, atatsogolera University of Washington kupambana Rose Bowl mu Januwale 1978, sanasankhidwe ndi timu iliyonse ya NFL. Anapita ku Edmonton ku Canada, kumene timu yake inatenga chikho cha Grey Cup zaka zisanu zotsatizana, nabwera ku Houston Oilers mu 1984. Patapita zaka 40 chichokereni draft ya Moon, mawu akale omwewo anamvekanso. Lamar Jackson anali atapata mphoto ya Heisman, ya wosewera wopambana onse m'makoleji, mu 2016 ali ku Louisville, komabe Bill Polian, amene anayendetsapo matimu angapo, ananena pa ESPN kuti ndi bwino asinthe akhale wolandira mpira. Jackson anakana, mpaka sanalole kuyesedwa liwiro la mayadi 40 kuti asapatse anthu chonamizira. Analibenso womuyimira pa zokambirana, ankathandizana ndi amayi ake. Ma quarterback anayi anatengedwa m'nambala khumi zoyamba za 2018, iye n'kudikira mpaka nambala 32, yomaliza ya usikuwo, pamene Baltimore Ravens inasinthana malo ndi Philadelphia kuti imutenge. Mu 2019 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi popanda voti yotsutsa, ndipo Polian anavomera poyera kuti analakwitsa.

Komabe maina amene timawakumbukira ndi a amene anapambana. Brady Quinn wa ku Notre Dame anadikira mpaka nambala 22 mu 2007, ndipo sanakhazikike pa timu iliyonse. Johnny Manziel, wa mphoto ya Heisman, anadikira mpaka nambala 22 yomweyo mu 2014, ndipo patatha zaka ziwiri anali atatuluka mu ligi. Pa amenewa matimu amene anadumpha anaona bwino. Munthu woona mtima ayenera kunena kuti kuweruza quarterback wa ku koleji ndi ntchito yovuta imene ngakhale odziwa kwambiri amaiphonya kumbali zonse ziwiri.

Nkhani ya Shedeur Sanders mu 2025 inaonetsa chinthu china chimene sichikambidwa mokwanira: mnyamata akangodutsa malire ena, kuchedwa kumawonjezeka kokha. Sanders, mwana wa katswiri wakale wa NFL Deion Sanders, anasewera ku Colorado pansi pa bambo ake, ndipo mu 2024 mipira 74 mwa 100 iliyonse imene anaponya inafika kwa mnzake. Akadaulo ambiri ankamuika m'ndime yoyamba. Koma oona mafilimu a masewera ake ankanenanso kuti amachedwa kutulutsa mpira, ndipo m'zaka ziwiri adani anamugwetsa ali ndi mpira kokwana 94. Ku Indianapolis sanaponye nawo. Panamvekanso nkhani zoti zokambirana zake ndi matimu ena sizinayende bwino, koma onenawo sanatchule maina awo, ndipo nkhani zotere tiyenera kuzigwira mosamala pokumbukira za Marino. Chimene tinaona ndi maso n'chakuti Tennessee inatenga Cam Ward pa nambala 1, New York Giants inatenga Jaxson Dart pa 25, New Orleans inatenga Tyler Shough pa 40. Matimu ofuna woyambira masewera atatha, funso linasintha. Sanalinso kufunsa ngati angatsogolere timu, koma ngati angakhale wachiwiri kapena wachitatu. Ntchito imeneyo imafuna munthu wokhala chete, wothandiza mnzake kukonzekera, ndipo aphunzitsi ambiri safuna kuti makamera onse aziloza pabenchi woyambira akangolakwitsa kamodzi. Kutchuka kumene kunali chuma chake m'ndime yoyamba kunasanduka katundu m'ndime yachitatu ndi yachinayi. Cleveland Browns, imene inali itatenga kale Dillon Gabriel pa nambala 94, inamutenga pa 144, m'ndime yachisanu. M'kati mwa kudikirako wina anamuimbira foni monamizira kukhala bwana wa timu. Nambalayo inatuluka kudzera kwa mmodzi wa aphunzitsi a Atlanta Falcons, ndipo ligi inalipiritsa timuyo madola 250,000, mphunzitsiyo 100,000.

Kuchedwa kumadya ndalama, zimenezo n'zosabisa. Kuyambira mu 2011 malipiro a osewera atsopano amayendera nambala imene munthu wasankhidwira. Ward anasainira madola oposa 48 miliyoni pa zaka zinayi, Sanders pafupifupi 4.6 miliyoni. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amauza anyamatawa kuti asadandaule. Ali ndi chifukwa chodandaulira.

Koma dongosolo lomwelo limene limawachedwetsa lili ndi mbali ina. Popeza matimu ofooka ndiwo amayamba, wosankhidwa msanga amapita kumene zinthu zaphwasuka, pamene wochedwa amagwera m'manja mwa timu yokhazikika. Marino anapita kwa mphunzitsi Don Shula, ku timu imene inali itangosewera kumene mu Super Bowl, masewera omaliza olimbirana ukatswiri wa ligi. Jackson anapeza mphunzitsi John Harbaugh, amene analolera kusintha kaseweredwe konse ka timu kuti kagwirizane ndi luso lake. Rodgers anakhala pabenchi zaka zitatu kumbuyo kwa Brett Favre, nasintha kagwiridwe ka mpira kaja popanda womukuwiza, nakhala woyambira masewera mu 2008. Mu Febuluwale 2011 anapambana Super Bowl pogonjetsa Pittsburgh 31 kwa 25, ndipo pambuyo pake anasankhidwa kanayi kukhala wosewera wopambana onse mu ligi. Alex Smith, amene anatengedwa poyamba tsiku lija, anaponyedwa m'bwalo chaka chomwecho mu timu imene inali itapambana masewera awiri okha mu 2004. Anamaliza chaka chake choyamba ndi touchdown imodzi ndi mipira 11 yogwidwa ndi adani, ndipo zaka zotsatira mphunzitsi woyang'anira mbali yake ankasinthidwa chaka ndi chaka. Zinamuyendera bwino mu 2011, Jim Harbaugh atabwera ku San Francisco, patatha zaka zisanu ndi chimodzi.