Phwando la Halloween lizitha dzuwa lisanalowe

Mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wa Folomu 3 yemwe amakhala ku Area 23, adandiimbira foni kumayambiriro kwa Okutobala chaka chatha. "Amalume, paja inu mumakonza zochitika kusukulu kwanu. Ine ndi anzanga tikufuna phwando la Halloween, tithandizeni."

Ndidayamba ndaseka. Kumudzi komwe ndimaphunzitsa, ana ambiri dzinali sadalimvepo. Koma ana a m'tauni amaziona pa TikTok ndi m'mafilimu, ndipo ukawakaniza amakachitira kwina komwe kulibe diso la wamkulu. Choncho ndidavomera.

Mwambowu umachitika pa 31 Okutobala. Udachokera ku Ireland ndi Scotland, usiku woti mawa lake Akhristu akumbukira oyera mtima onse pa 1 Novembala, ndipo udakulira ku America. Kumeneko imakhala nyengo yoyamba kuzizira, yokolola maungu, ndipo ana amavala zoopsa n'kumagogoda m'makomo usiku kupempha maswiti. Kuno Okutobala ndi wa dzuwa lowotcha, maungu adatha kalekale, ndipo kugogoda pakhomo pa munthu usiku nkhope utaipaka makala ndi kuziputa dala.

Apa m'pamene pagona nkhani yanga. Tisaiwale za 2017, pamene mphekesera za anamapopa zidabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka kufika ku Blantyre. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala anthu angapo adaphedwa ndi magulu a anthu pongowaganizira. Tsono talingalirani mnyamata wa zaka 16, wavala chinsalu chakuda, pakamwa wapaka zofiira ngati magazi, akudutsa m'tinjira ta ku Chinsapo kapena Mgona cha m'ma 9 koloko usiku magetsi atazima. Munthu mmodzi akangokuwa, ndani adzakhale ndi nthawi yomva kuti ndi masewera?

N'chifukwa chake tisanakambe za chakudya kapena nyimbo, tidayamba tagwirizana za nthawi. Tidasankha Loweruka loyandikira tsikulo, kuyamba 1 koloko masana, kutseka hafu pasiti 4. Ku Lilongwe mwezi umenewu dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, ndiye wokhala kutali ngati ku Area 25 amafunika ola lathunthu la paminibasi kuti akafike kukuwala. Anawo adadandaula kuti zoopsa sizikoma masana. Ndidawauza kuti tikatseka makatani pabalaza n'kupachika mabulangete m'mawindo, mdima upezeka. Udapezekadi, ngakhale thukuta lidatipha.

Kutatsala milungu iwiri, mchemwali wanga adapita kwa amfumu a deralo ndi kwa aneba onse oyandikana nawo kukafotokoza. Mayi wina wa mpingo adakana kuti mwana wake abwere, akuti ndi zausatana. Sitidalimbane naye, mwana ndi wake. Kholo lililonse lidapatsidwa nambala ya foni ya mwini nyumba, ndipo tidalemba mayina 18 okha. Wosalembedwa sadalowe, ngakhale atakhala chibwenzi cha ndani.

Pa zovala tidaika malamulo awiri. Loyamba, aliyense abwere ndi zovala zake m'chikwama, avalire pompo, avulire pompo, asukusule asanatuluke pageti. Lachiwiri ndidalinena mokweza mawu: pasapezeke wotengera Gule Wamkulu. Lilongwe ndi dziko la Achewa, ndipo guleyu, yemwe bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi, ali ndi eni ake komanso malamulo ake. Mwana wosalowa kudambwe akavala chigoba chofanana ndi chilombo, mlandu wake umagwera makolo. Ambiri adakagula malaya akale pakaunjika wa ku Tsoka n'kuwang'amba, ena adangodzikulunga bandeji.

Ndalama sizidavute kwenikweni. Aliyense adasonkha kangachepe, tidagula Sobo, mbatatesi za tchipisi ndi ufa wa mandasi. M'malo mwa maungu tidaboola maso ndi pakamwa pa mapapaya aawisi n'kuikamo tochi ya foni. Kandulo ndidakana, poti mabulangete ndi moto sizigwirizana. Mowa ndiye ayi, ndipo pageti padakhala bambo a m'nyumbamo, omwe mphuno yawo siphonya fungo la kachasu.

Ola loyamba lidathera kuvala ndi kujambulana, lachiwiri kudya ndi kuvina. Chomwe sindidayembekezere chidachitika mu ola lachitatu. Magetsi adazima, sipika idakhala chete, ndipo agogo awo a anawo, omwe tsiku lonse ankangoyang'ana mokayika, adakoka mpando nati, "Padangokhala." Ana a mafoni aja adayankha onse pamodzi, "Tilitonse." Adawasimbira nthano ya mkamwini yemwe ankasanduka fisi usiku, ndipo mnyamata uja adadzikulunga bandeji thupi lonse ndiye adayamba kupempha kuti titsegule katani imodzi.

Pofika 6 koloko makolo onse 18 adali atatumiza uthenga kuti mwana wafika. Chaka chino mdzukulu wawo waimbanso kale, koma akuti ndisavutike kubwera, bola agogo akhalepo.