Kuyeza Matenda a Ziŵeto mwa Njira ya ELISA: Mmene Kumachitikira ndi Mau Oyenera Kukufotokozera m'Chicheŵa

1. Mau Oyamba

Mlimi amene ng'ombe yake yatengedwa magazi ndi mlangizi wa ziŵeto amayembekeza kumva chinthu chimodzi: ngati ng'ombeyo ikudwala kapena ayi. Koma pepala limene limabwera kuchokera ku labotale kaŵirikaŵiri siliyankha funso limeneli. Limayankha funso lina loyandikana nalo, ndipo ngati womasulira sadziŵa kusiyana kwa mafunso aŵiriŵa, mlimi atha kupha ng'ombe yabwinobwino, kapena kusunga m'khola ng'ombe imene ikufalitsa nthenda. M'nkhani ino tifotokoza njira yoyezera matenda a ziŵeto yotchedwa ELISA, ntchito zimene yagwira mu Africa muno, ndiponso mau a Chicheŵa amene angasenze matanthauzo ake popanda kusokoneza. Katswiri wa chiyankhulo sangakonze bwino mau a luso limene sanalimvetse. N'chifukwa chake tiyamba ndi luso lenilenilo, ndipo za mau zibwera pambuyo.

2. Maziko a Njirayi

Kachirombo koyambitsa nthenda kakaloŵa m'thupi mwa nyama, thupi limazindikira kuti mwaloŵa chachilendo. Mbali ya kachirombo imene thupi limaizindikira imatchedwa antigen. Pofuna kudziteteza, thupi limapanga timapuloteni totchedwa antibody, timene timayenda m'madzi a magazi ndi kukakamira pa antigen imeneyo. Timapuloteni timeneti n'tosankha kwambiri: timene tapangidwa chifukwa cha kachirombo ka chitopa sitigwira kachirombo ka chiwewe, monga momwe mpini wosemedwera nkhwangwa suloŵa khasu. Sitioneka tsiku limene kachirombo kaloŵa, koma pakapita mlungu umodzi kapena iŵiri, ndipo timatha kukhalabe m'magazi miyezi kapena zaka nyama itachira. Katemera nayenso amachititsa thupi kupanga timapuloteni tomweti.

Vuto n'lakuti kugwirana kwa antigen ndi antibody sikuoneka ndi maso. Apa ndi pamene enzyme imathandiza. Enzyme ndi puloteni imene imafulumizitsa kusintha kwa zinthu zina koma iyo yosatha. Amayi ophika thobwa amaidziŵa ntchito yake ngakhale satchula dzina: chimera chochepa chimasungunula ndi kutsekemeretsa phala lodzaza mbiya, chifukwa muli enzyme yosandutsa ufa kukhala shuga. Mu ELISA, enzyme imamatiridwa ku antibody, ndipo ntchito yake ndi kusandutsa madzi oyera kukhala a mtundu. Mtundu ukaoneka, timadziŵa kuti kugwirana kwachitika.

Njirayi isanabwere panali ina imene Rosalyn Yalow ndi Solomon Berson anaifotokoza mu 1960 ku New York, yogwiritsa ntchito zinthu zotulutsa cheza choopsa. Inali yolondola, koma inkafuna makina odula ndi chisamaliro chachikulu. Mu 1971 Eva Engvall ndi Peter Perlmann ku Stockholm, komanso Bauke van Weemen ndi Anton Schuurs ku Netherlands, aliyense payekha, anaonetsa kuti enzyme ingaloŵe m'malo mwa chezacho. Mu 1975 Georges Köhler ndi César Milstein ku Cambridge anapeza njira yopangira antibody a mtundu umodzi wokha mochuluka, ndipo zimenezi zinachititsa kuti ma labotale a maiko osiyana aziyeza ndi zipangizo zofanana.

3. Kayezedwe Kake

Chipangizo chachikulu ndi mbale ya pulasitiki ya timaenje 96, tondandalikidwa m'mizere 8 ya timaenje 12. Pofuna kudziŵa ngati m'magazi a ng'ombe muli antibody a nthenda ina yake, woyeza amachita motere. Choyamba amathira antigen ya nthendayo m'timaenje, ndipo iyo imamatirira ku pulasitiki. Kenaka amathira madzi a magazi a ng'ombe, ng'ombe iliyonse kaenje kake. Ngati muli antibody oyenera, amagwira antigen ija. Amatsuka mbale kuti zonse zosagwira zichoke. Kachitatu amathira antibody ena onyamula enzyme, amene anapangidwa kuti azigwira antibody a ng'ombe, n'kutsukanso. Pomaliza amathira madzi oyera amene enzyme imawasintha mtundu. Mankhwala ofala kwambiri pa ntchitoyi, otchedwa TMB, amabiriŵira ngati thambo, ndipo akathiramo asidi woimitsa kusinthako amasanduka achikasu. Makina oŵalitsa kuunika m'kaenje kalikonse amayeza kukula kwa mtunduwo ndi kuulemba m'manambala.

M'mbale iliyonse amasiya timaenje tingapo ta magazi odziŵika kale, ena okhala ndi antibody, ena opanda. Timaenje timeneti tikapanda kuonetsa zimene tiyenera kuonetsa, mbale yonse imatayidwa.

Pali mitundu ina iŵiri yofunika. Wina umafunafuna kachirombo kenikeni: m'kaenje mumamatidwa antibody, amene amakola antigen yochokera pa chilonda kapena m'magazi a nyama, ndipo antibody onyamula enzyme amadzaigwira pamwamba. Winawo ndi wa mpikisano: antibody a nyama amalimbirana malo ndi antibody a ku labotale. Ngati nyama ili ndi antibody ambiri, a ku labotale amasoŵa pogwira ndipo mtundu suoneka. Kotero pa mtundu umenewu kaenje koyera ndiko kamasonyeza kuti antibody alipo. Ubwino wake ndi wakuti mbale imodzi ingayeze magazi a ng'ombe, mbuzi ndi njati, popeza siidalira mtundu wa nyama.

4. Ntchito Zimene Njirayi Yagwira

Chitsanzo chachikulu ndi mliri wa ng'ombe wotchedwa rinderpest. Unaloŵa ku Eritrea cha mu 1887, ndipo pofika 1896 unali utaoloka Zambezi, n'kupulula ng'ombe zambirimbiri pamodzi ndi njati. Katemera wa Walter Plowright, amene anakonzedwa ku Muguga m'dziko la Kenya, anagwiritsidwa ntchito pa katemera wamkulu wa JP15 kuyambira 1962 mpaka 1976. Koma nthendayo inabisala m'madera ena ndipo inabukanso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Phunziro linali lakuti kuŵerenga ng'ombe zobayidwa sikukwanira. Pafunika kudziŵa ng'ombe zimene katemera wagwiradi ntchito m'thupi mwake. Choncho ntchito ya Pan-African Rinderpest Campaign itayamba mu 1986, bungwe la FAO pamodzi ndi la IAEA anatumiza zipangizo za ELISA ku ma labotale a maiko ambiri, ndipo pambuyo pake njira ya mpikisano yokonzedwa ku Pirbright ku England inakhala muyeso wa onse. Katemera atasiyidwa, njira yomweyo inayankha funso lina: kodi ana a ng'ombe obadwa katemera atatha ali ndi antibody? Kusoŵa kwa antibody mwa iwo kunali umboni wakuti kachirombo sikakuyendanso. Nthendayi inapezeka komaliza mu 2001 mwa njati za ku Meru ku Kenya, ndipo mu 2011 inalengezedwa kuti yatha pa dziko lonse.

Chitsanzo chachiŵiri ndi nthenda ya zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Kachirombo kake kali ndi mitundu 7, ndipo itatu mwa iyo, SAT 1, SAT 2 ndi SAT 3, imasungidwa ndi njati za kuno kwathu. N'chifukwa chake nthendayi imabukabuka kumene ng'ombe zimadyera pafupi ndi njati, monga ku Chikwawa ndi Nsanje m'Malaŵi ndi ku chigwa cha Kafue m'Zambia. Katemera wa mtundu umodzi sateteza ku mtundu wina, motero nthenda ikabuka pafunika kudziŵa msanga mtundu wake, kuti katemera woitanitsa ku Botswana Vaccine Institute ku Gaborone akhale woyenera. ELISA yofunafuna kachirombo imachita zimenezi. Palinso ELISA ina yosiyanitsa ng'ombe yotemeredwa ndi ng'ombe yodwalapo. Imafunafuna antibody a timapuloteni timene timapangidwa pokhapokha kachirombo kakamaswana m'thupi, timene mu katemera woyeretsedwa bwino mulibe. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika kwambiri pa malonda a nyama pakati pa maiko.

Chachitatu ndi chigodola cha nkhumba. Kuyeza magazi a nkhumba za m'midzi kumene kunachitika m'Malaŵi pakati pa 1981 ndi 1984 kunaonetsa kuti nthendayi ndi yokhazikika ku Mchinji ndi mbali zina za Kasungu, Ntchisi, Dowa ndi Lilongwe, kumene nkhumba zina zimapulumuka, pamene kunja kwa dera limeneli imapha pafupifupi zonse. Apa pali phunziro lina: kumene nthenda imapha m'masiku oŵerengeka, nkhumba imafa thupi lisanapange antibody, ndipo kuyeza antibody sikungaonetse kanthu. Pamenepo pafunika kufunafuna kachirombo kenikeni, ndi ELISA ya antigen kapena ndi njira ya PCR.

5. Malire Ake

Kuchokera pa zimene tanenazi tiona kuti kupezeka kwa antibody kungatanthauze zinthu zinayi: nyama ikudwala tsopano, inadwala n'kuchira, inatemeredwa, kapena ndi yaing'ono ndipo inayamwa antibody mu mkaka woyamba wa make. Kusapezeka kwake kungatanthauze kuti nyama sinakumanepo ndi kachirombo, kapena kuti magazi anatengedwa molaŵirira, kapenanso kuti anaonongeka ndi kutentha panjira.

Ndiponso palibe muyeso wosaphonya. Tiyerekeze kuti tikuyeza ng'ombe 1,000, ndipo 10 zokha ndizo zili ndi nthenda. Tinene kuti muyeso wathu ukupeza zonse 10, koma umanamizira ng'ombe imodzi mwa zabwino 100 zilizonse. Mwa ng'ombe zabwino 990 unamizira pafupifupi 10. Pa pepala padzalembedwa ng'ombe 20, theka lake zosadwala. N'chifukwa chake ELISA imathandiza kwambiri poona za khola lonse kapena dera lonse, ndipo pa nyama imodzi zotsatira zake zimafuna kutsimikizidwa ndi muyeso wina.

6. Za Mau

Tsopano tifike pa ntchito yathu. Tiona mavuto anayi.

Loyamba ndi liu lakuti kachirombo. Liu limodzili limatchula virus, bakiteriya, tizamoyo ta m'magazi monga toyambitsa kaodzera, ngakhalenso nkhupakupa yeniyeniyo. Pa nkhani wamba palibe vuto, koma mlimi akamva kuti mankhwala amapha kachirombo adzagula mankhwala opha bakiteriya pofuna kuchiza chitopa, chimene ndi cha virus. Tikupempha kuti m'zolembedwa za alangizi liuli lizitsatidwa ndi dzina la mtundu wake.

Lachiŵiri ndi maina a matenda. Dzina lakuti chigodola limamveka pa nthenda ya nkhumba ija, komanso pa nthenda ya ng'ombe yofalitsidwa ndi nkhupakupa, East Coast fever, ngakhale zoyambitsa zake sizili pa ubale. Mbali inayi, nthenda imodzi ya nkhuku ili ndi maina aŵiri, chitopa ndi chideru. Pa pepala la zotsatira dzina la Chicheŵa liyenera kuyendera limodzi ndi dzina la nyama, ndipo maina onse odziŵika m'dera alembedwe.

Lachitatu ndi fanizo lakuti asilikali a m'thupi, limene linafala pa nkhani za Edzi. Fanizoli limamveka msanga, koma anthu analizoloŵera potchula maselo oyera a magazi, ndipo limapatsa maganizo akuti asilikali akakhalapo ndiye kuti thupi ndi lotetezeka. Pa matenda ena, monga East Coast fever, antibody amene ELISA imapeza si amene amateteza nyama. Iwo ndi mboni chabe. Ife tiona kuti ndi bwino kubwereka liu lakuti antibodi, kulilemba m'kalembedwe kathu, ndi kulitanthauzira kamodzi momveka. Mlangizi wa ku Chipata amene anaphunzira m'Chingerezi adzalizindikira msanga, ndipo wa ku Tete amene anaphunzira m'Chipwitikizi adzaona kuti chiyambi chake chikufanana ndi liu limene iye analiphunzira.

Lachinayi, limene lili lalikulu koposa, ndi kamasuliridwe ka zotsatira. Ambiri amangoti nyama yapezeka ndi matenda, mau amene taona kuti nthaŵi zambiri si oona. Chicheŵa chili ndi chida chabwino pa vutoli, ndicho kamphatikiri -po, kamene kamasonyeza kuti chinthu chinachitika nthaŵi ina m'mbuyomu popanda kunena kuti chikuchitikabe. Yerekezani ikudwala ndi inadwalapo. Motero tikupereka ziganizo zitatu. Antibodi akapezeka: nyamayi inakumanapo ndi kachirombo aka kapena ndi katemera wake. Antigen ikapezeka: kachirombo kali m'thupi mwa nyamayi tsopano. Pakapanda kupezeka kanthu: m'magazi otengedwa tsiku lakuti simunaoneke kanthu. Chiganizo chachitatuchi chili ndi tsiku mwadala, chifukwa magazi amachitira umboni tsiku limene anatengedwa lokha.

7. Mau Omaliza

Bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972, ndi Centre for Language Studies imene inaloŵa m'malo mwake mu 1996, anagwira ntchito yaikulu pa kalembedwe ndi pa mtanthauziramau. Mau a zaumoyo wa ziŵeto akufuna chisamaliro chofananacho, ndipo ntchitoyi singatheke ndi akatswiri a ziyankhulo okha. Ifunika kuti iwo akhale pansi ndi madokotala a ziŵeto ndi alangizi a m'Malaŵi, Zambia ndi Mozambique, agwirizane pa mndandanda umodzi wa maina a matenda ndi ziganizo za zotsatira, kenaka akauyese kwa alimi eni ake, kuona ngati chimene iwo akumva ndicho chimene labotale inanena. Matenda a ziŵeto amaoloka malire a maikoŵa mosavuta, ndipo alimi a mbali zonse ayenera kumva uthenga umodzi m'mau amodzi.