Kuseri kwa thumba la mbewu kuli wophunzira bayoloje

Mvula yoyamba ikamayandikira, funso limene wogulitsa mbewu amalimva kwambiri pasitolo ndi limodzi: "Kodi mbewuyi imera?" Iye amatembenuza thumba n'kuloza kachikalata kosonyeza kameredwe ka mbewuyo, ndipo mlimi amapisa m'thumba n'kulipira. Nambala imeneyo inachokera m'labotale, momwe munthu wina anawerenga njere 400, n'kuzigawa m'magulu anayi, n'kuzifesa mumchenga kapena papepala lonyowa. Ngati ndi chimanga, anadikira masiku 7 asanawerenge komaliza zomwe zamera bwino, potsata malamulo a bungwe la ISTA lomwe linakhazikitsidwa mu 1924. Kawirikawiri munthu woteroyo anayambira pa digiri ya bayoloje kapena ya sayansi ya mbewu.

Komabe m'mabanja ambiri, mwana akasankhidwa kukaphunzira bayoloje kuyunivesite, chimwemwe chimakhala chochepa. Ena amati waphonya udokotala, ena amati ntchito yomwe yamutsalira ndi uphunzitsi basi. Ife a malonda a mbewu sitiyenera kulankhula motero, pakuti katundu amene timagulitsa amadutsa m'manja mwa anthu amenewa asanafike pashelefu.

Zomwe amaphunzira

Ku University of Malawi ku Zomba ndi ku University of Zambia ku Lusaka, digiri ya sayansi imatenga zaka zinayi. Chaka choyamba chimadzaza ndi masamu, kemisitiri ndi fizikisi. Zaka zotsatira ndi pamene amalowa m'maphunziro a chibadwa cha zamoyo, kakulidwe ka zomera, tizirombo, nkhungu ndi mabakiteriya, komanso masamu osanthulira zotsatira za kafukufuku. Chaka chomaliza aliyense amachita kafukufuku wakewake n'kulemba lipoti. Amene mtima wawo uli kumunda amathanso kudzera ku LUANAR ku Bunda, kumene sayansi yomweyo imaphunzitsidwa moyang'ana ulimi.

Wolima mbewu angazindikire zambiri m'maphunzirowa. Iye amadziwa kale kuti chimanga cha haibulidi sabzala kawiri, chifukwa mbewu yobwereza imatuluka yosiyanasiyana ndipo zokolola zimatsika. Wophunzira amadziwa chifukwa chake, kuchokera pa zimene Gregor Mendel anapeza pa nsawawa n'kuzisindikiza mu 1866.

Kumene digiri imawafikitsa

Khomo loyamba ndi la kuyendera ndi kuyeza mbewu. Ku Malawi ntchitoyi yakhala ikuyendetsedwa kuchokera ku Chitedze, pomwe ku Zambia ili m'manja mwa Seed Control and Certification Institute ku Chilanga. Woyendera munda amaona ngati mundawo watalikirana mokwanira ndi chimanga china, ngati mapesi achilendo azulidwa, ndiponso ngati ngayaye za mizere yaikazi zathyoledwa zisanayambe kuwaza mungu. Iye akhoza kukana munda wonse. Chigamulo chotero chimapweteka mlimi amene wakhetsa thukuta, choncho chimafuna munthu wodziwa zomwe akuona komanso wosagulika.

Khomo lachiwiri ndi la opanga mitundu yatsopano ya mbewu. Chigawo chino chili ndi mbiri yake pa ntchito imeneyi. Chimanga cha SR52 chinatulutsidwa mu 1960 m'dziko lomwe lero ndi Zimbabwe, ndipo chinalimidwa kwa zaka zambiri. Ku Malawi, MH17 ndi MH18 zinatuluka mu 1990 chifukwa akatswiri anamvera dandaulo la amayi, loti haibulidi wakale anali wofewa, amanyenyeka mumtondo pokonola ndipo amafumbwa msanga m'nkhokwe. Lero mabungwe monga CIMMYT ku Harare amapitiriza ntchito yofanana nayo mogwirizana ndi maboma ndi makampani.

Khomo lachitatu ndi la matenda ndi tizirombo. Matenda a Maize Lethal Necrosis ataoneka ku Kenya mu 2011, panafunika anthu odziwa kuyeza mavairasi kuti mbewu yodutsa malire isawafalitse. Mbozi zowononga chimanga zochokera ku America zitapezeka mu Africa mu 2016, chaka chotsatira zinali zitagwira minda ya chigawo chino, ndipo panafunika odziwa moyo wa mboziyo kuti alangize nthawi yoyenera kupopera. Kadukutu wa mtedza, yemwe amafalitsidwa ndi nsabwe za m'mbewu, komanso chuku, nazonso zimafuna anthu otere.

Palinso ntchito zosatchuka: kukonza mabakiteriya opaka ku mbewu ya soya kuti mizu izipanga timaututu topatsa chonde, ndi kusunga mbewu zamakolo m'nkhokwe zozizira monga ya SADC yomwe ili ku Chalimbana pafupi ndi Lusaka.

Zoona zake za ulendowu

Digiri yoyamba payokha siimupanga munthu kukhala wopanga mbewu. Ntchito imeneyo imafuna digiri yachiwiri, mwinanso yachitatu, ndipo African Centre for Crop Improvement ku Pietermaritzburg yakhala ikusula akatswiri otere kuyambira 2002. Ngakhale atamaliza, mtundu umodzi wa mbewu umatha kudya zaka zingapo usanavomerezedwe. Wofuna ndalama zamsanga angakhumudwe.

Vuto lina ndi loti wophunzira akhoza kumaliza zaka zinayi akudziwa kujambula duwa la chimanga, koma asanaimepo m'munda wa mbewu nthawi yothyola ngayaye. Kampani ikamufunsa zomwe wagwirapo, amasowa chonena, ndipo amakathera ku ntchito ina yosagwirizana ndi maphunziro ake.

Mbali yathu

Mpata umenewu tingautseke ndife. Wolima mbewu angalandire wophunzira mmodzi patchuthi, n'kumuonetsa kuzula mapesi achilendo, kuyanika, kusankha ndi kulemba kaundula wa munda. Wogulitsa angamulole kuyeza kameredwe ka mbewu yotsala chaka chatha, kapena kuona ngati kutentha ndi chinyontho m'chipinda chosungira sizikupha mbewu. Sitolo ipindula pomwepo, ndipo wophunzirayo apeza chonena pofunsira ntchito.

Popeza SADC ndi COMESA akugwirizanitsa malamulo kuti mbewu yovomerezedwa izitha kugulitsidwa m'mayiko angapo, chikalata cha labotale imodzi chiyenera kukhulupiridwa kutali ndi kumene chinalembedwa. Chikhulupiriro chimenecho chidzadalira luso la anthu amene akulowa m'kalasi lero. Choncho mwana wa pakhomo panu akabwera ndi kalata yoti wasankhidwa kukaphunzira bayoloje, musanamufunse za udokotala, mutengereni kumunda wa mbewu akaone ntchito yomwe ikumudikira.