Dothi la Pabwalo ndi Luso la Oponya Mpira mu Kiriketi

Pakati pa bwalo la kiriketi pali kanjira kotalika mamita 20.12 kotchedwa pitch, pamene mpira umanjanja usanafike kwa womenya, ndipo popeza okonza kanjirako amakhala a dziko lolandira alendo, ambiri amakhulupirira kuti chipambano cha timu ya pakhomo chimayambira m'dothi. Maganizowa ali ndi maziko. Dothi lamakande lopsinjidwa kwambiri, monga la ku Perth ku Australia, limanjanjitsa mpira mothamanga mpaka m'chifuwa mwa womenya, pomwe udzu ndi chinyezi cha ku England zimagwira msoko wa mpira n'kuukhotetsa. Ku India dothi limauma, kung'aluka ndi kufumbutuka pamene masiku asanu a mpikisano wa Test akupita, kotero mpira woponyedwa mopotoza ndi zala, womwe amautcha spin, umaluma pansi n'kupatukira kumene womenya samayembekezera.

Komabe dothi palokha silitulutsa munthu. Kuti timu ipambane Test, nthawi zambiri iyenera kutulutsa omenya a timu inayo maulendo 20, ndipo ntchito imeneyi ili m'manja mwa oponya. India inapambana mindandanda 18 yotsatizana ya ma Test pakwawo kuyambira 2013 mpaka 2024 makamaka chifukwa inali ndi Ravichandran Ashwin ndi Ravindra Jadeja, amene ankatha kugwetsa mpira pamalo amodzi tsiku lonse, kwinaku akusinthasintha liwiro mosaonetsera.

Zimene zinachitika mu 2024, pamene New Zealand inagonjetsa India pakwawo 3-0, zinaonetsa malire a mwayi umenewu. Ku Bengaluru, kunja kuli mitambo ndi chinyezi, India inasankha kuyamba kumenya ndipo onse anatulutsidwa atapeza mapointi 46 okha. Ku Pune ndi ku Mumbai, kumene dothi linali lokomera spin, alendowo anapambana mayere oponya ndalama n'kuyamba kumenya kanjira kasanawonongeke. Kumbali ya New Zealand, Mitchell Santner, yemwe anali asanatulutsepo anthu asanu m'chigawo chimodzi cha Test, anatulutsa 13 ku Pune, ndipo Ajaz Patel anatulutsa 11 ku Mumbai.

Chifukwa chake n'chomveka. Kanjira kakayamba kufumbutuka tsiku loyamba lomwe, dothi limagwira ntchito imene ikanafuna luso la zaka zambiri, motero kusiyana kwa katswiri ndi woponya wamba kumachepa, masewero amafupika, ndipo mayere amakhala ndi mphamvu yoposa muyezo. Masewero anafupikanso ku Indore mu 2023, pamene Nathan Lyon wa Australia anatulutsa anthu 11 ndipo Australia inapambana pasanathe masiku atatu. Timu yokhala ndi oponya abwino kuposa alendo imapindula kwambiri ndi kanjira kowonongeka pang'onopang'ono, ndipo oyendetsa masewero amene amaumiriza okonza bwalo kuti aumitse dothi mopitirira amalanda osewera awo omwe mwayi umene luso lawo likanawapatsa.