Mantha a pagulu: zimene munthu angakonzekere asanaonane ndi mlangizi koyamba

Anthu ambiri amene amavutika ndi mantha opitirira muyeso akakhala pakati pa anzao amakhala zaka zambiri osapempha thandizo, ndipo ena, ngakhale atapatsidwa tsiku lokaonana ndi katswiri, amabwerera pakhomo pa cipatala. Cifukwa cake n'cosavuta kumvetsa. Kukhala m'cipinda ndi mlendo kwa ola lathunthu, n'kumafotokoza za mumtima, ndico cinthu cenicenico cimene munthu wotere amaopa.

Bungwe la ku Britain lounika njira za cithandizo ca mankhwala lochedwa NICE linanena m'caka ca 2013 kuti mwa akulu amene ali ndi vutoli, pafupifupi theka okha ndiwo amafuna thandizo, ndipo ambiri a iwo amatero atavutika kale zaka 15 mpaka 20.

Vutoli n'losiyana ndi manyazi. Mwana woyang'ana pansi polankhula ndi akulu, kapena mkamwini wopewa kudyera pamodzi ndi apongozi, akuonetsa ulemu umene mwambo umafuna, ndipo palibe matenda pamenepo. Madotolo amayamba kukamba za matenda pamene mantha akuti anthu akumuyang'anitsitsa ndi kumuweruza akhala kwa miyezi 6 kapena kuposerapo, ndipo ayamba kumuonongera zinthu. Mwana wa sukulu amadziwa yankho koma satukula dzanja. Wofuna nchito amaitanidwa kukafunsidwa mafunso koma osapita. Wina amapitirira pamene anafuna kutsikira cifukwa sanathe kukweza mau kuuza kondakitala m'minibasi yodzaza anthu. Thupi nalo limacita zake: mtima kugunda kwambiri, thukuta, manja kunjenjemera, kukamwa kuuma. Kawirikawiri zimenezi zimayamba munthu ali wacicepere, ca m'zaka 13 zakubadwa. Bungwe la madotolo a matenda a maganizo ku America linalemba vutoli monga matenda apaokha m'caka ca 1980.

Thandizo limene NICE imalimbikitsa kuyamba nalo limachedwa Cognitive Behavioural Therapy, mwacidule CBT. Ndi thandizo la kukambirana ndi kuyesa zinthu, lopanda jekeseni. Mmodzi wa amene analiyambitsa ndi dotolo Aaron Beck wa pa University of Pennsylvania ku Philadelphia, m'zaka za m'ma 1960. Iye anaona kuti cimene cimasautsa munthu kwambiri ndi tanthauzo limene amapatsa zimene zamucitikira, ndipo tanthauzolo likhoza kuyesedwa kuti lioneke ngati n'loona.

M'caka ca 1995 akatswiri awiri a ku Britain, David Clark ndi Adrian Wells, anafotokoza cifukwa cake mantha a pagulu satha okha ngakhale munthu amakumana ndi anthu tsiku lililonse. Munthuyo akangolowa pagulu, maganizo ake amacoka pa amene akulankhula nao n'kutembenukira kwa iye mwini. Amamvetsera mtima wake, amamvetsera mau ake, ndipo amajambula m'mutu cithunzi ca mmene akuonekera, cimene nthawi zambiri cimakhala coipa kuposa zimene ena akuona. Pofuna kudziteteza amacita tinthu tina: kuloweza ciganizo asanacinene, kugwira kapu ndi manja awiri, kukhala mpando wakumbuyo, kunamizira kuwerenga uthenga pa foni. Tsoka silicitika, koma iye amakhulupirira kuti wapulumuka cifukwa ca tinthu timeneto, tero mantha amakhalabe. Nthawi zina tinthuto ndito timamuonetsa ngati wonyada kapena wosafuna anthu. Akabwerera kunyumba amagona akubwereza m'mutu zonse zimene ananena, kufunafuna pamene analakwitsa, ndipo mawa lake amadzuka ndi umboni watsopano wodzitsutsa nao.

Njira zocokera ku CBT si zacilendo m'dziko la Zambia. Kafukufuku amene anafalitsidwa m'caka ca 2015 anaonetsa kuti alangizi wamba ophunzitsidwa bwino mu Lusaka anathandiza ana amene anakumana ndi zoopsa pogwiritsa nchito mtundu wina wa CBT. Cipatala cacikulu ca matenda a maganizo ndi Chainama Hills mu Lusaka, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 1962, koma munthu akhoza kuyambira pa kiliniki yakwao n'kupempha kuti amutumize kwa oona za maganizo. Lamulo la Mental Health Act la 2019, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la nthawi ya atsamunda, limateteza ulemu ndi cinsinsi ca wolandira thandizo lotere.

Kukonzekera kwenikweni kumafuna pepala ndi colembera basi. Mlangizi wa CBT amagwira nchito ndi zocitika zenizeni, motero mau akuti "ndimaopa anthu" samupatsa poyambira. Cimene cimathandiza ndi kulemba zocitika ziwiri kapena zitatu za masabata apitawa: kunali kuti, panali ndani, munthuyo anaopa kuti cicitika n'ciani, thupi linamva bwanji, anacita ciani kuti adziteteze, ndipo zinatha bwanji. Pa cocitika ciliconse akhoza kuikapo nambala yoyambira pa 0 kufika pa 100 yosonyeza kukula kwa mantha. Pepalali liri ndi nchito inanso. Mau akakana kutuluka m'cipindamo, akhoza kungolipereka kwa mlangizi kuti awerenge yekha, ndipo zimenezi n'zololedwa.

Alembenso zimene analeka kucita cifukwa ca mantha, pakuti izi zimaiwalika msanga. Munthu amene wakhala zaka zisanu osayimba m'kwaya amayamba kukhulupirira kuti sakonda kuyimba.

Pafunikanso kunyamula khadi la kucipatala ndi maina a mankhwala onse amene akumwa, kuphatikizapo azitsamba. Matenda ena a m'thupi, monga cithokomiro cogwira nchito mopitirira, amabweretsa kunjenjemera ndi kugunda kwa mtima kofanana ndi kwa nkhawa, ndipo khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zimaonjezera zizindikirozo. Nkhani ya mowa ndiyo ambiri amabisa. Kumwa botolo limodzi kapena awiri asanapite ku ukwati kapena kumsonkhano ndi njira yofala yodzitetezera, ndipo mlangizi amene sanauzidwe zimenezi amakonza thandizo pa cithunzi cosakwanira. Kumwa pa tsiku lokaonana ndi mlangizi kuti mtima ukhale pansi kumabisa cinthu cimene iye afunika kuona.

Funso limene pafupifupi mlangizi aliyense amafunsa ndi lakuti munthuyo afuna ciani. Yankho lakuti mantha athe silithandiza kwenikweni, cifukwa palibe munthu wopanda mantha. Yankho lothandiza ndi looneka ndi maso: kufunsa funso limodzi pa msonkhano wa makolo kusukulu, kutsitsa mtengo pa msika, kudya nsima pa maliro popanda kubisala kuseri kwa nyumba.

Wodwala nayenso ali ndi ufulu wofunsa. Akhoza kufunsa ngati mlangiziyo anaphunzira CBT ndipo anathandizapo anthu a vuto lotere, adzakumana kangati, adzalipira zingati, ndiponso ngati angakambirane m'Cinyanja kapena cilankhulo cina cimene amamasuka naco. Poyerekeza, malangizo a NICE amachula misonkhano yofika pa 14 ya mphindi 90 uliwonse pa miyezi pafupifupi 4 kwa otsatira njira ya Clark ndi Wells. Kumene alangizi ndi ocepa, nambala imeneyi ikhoza kusintha. Malangizo omwewo amalimbikitsa zipatala kupatsa anthu otere nthawi imene kulibe khamu, kuwalola kudikira panja, ngakhale kuyamba kukambirana nao pa foni. Palibe colakwika kupempha zimenezi, kapena kupita ndi mbale wodalirika wokaperekeza mpaka pakhomo.

Tsiku loyambalo limakhala la mafunso. Mlangizi amafunsa za ubwana, za kusukulu, za kunchito, za tulo, ndi ngati m'banja muli wina wovutika cimodzimodzi. Ena amapereka pepala la mafunso, monga la SPIN lokhala ndi mafunso 17 kapena la Liebowitz lochula zocitika 24, limene limadzayankhidwanso mtsogolo kuti aone ngati zinthu zikusintha. Amafunsanso za kukhumudwa ndi maganizo ofuna kudzipha. Funso limeneli limafunsidwa kwa aliyense, ndipo silitanthauza kuti mlangizi waona cacilendo. Zokambidwa m'cipindamo zimakhala zacinsinsi, kupatula ngati moyo wa wodwalayo kapena wa munthu wina uli pangozi, ndipo mlangizi amayenera kufotokoza malire amenewa poyamba pomwe. Kunjenjemera, kucita cibwibwi kapena kulira pamaso pake si kulephera ai, popeza zimenezo ndizo zamubweretsa munthuyo.

Palibe amene amakakamizidwa kukalankhula pagulu tsiku loyamba. Zoyesa zimabwera m'masabata otsatira, mogwirizana, kuyambira pa zopepuka. Wodwala amaneneratu cimene akuganiza kuti cicitika, amakacita cinthuco osagwiritsa nchito njira zake zodzitetezera, kenako awiriwo amaunika zimene zacitikadi. Alangizi ena amajambula munthuyo pa vidiyo akukambirana ndi wina, ndipo ambiri amadabwa kuona kuti kunjenjemera kumene anamva ngati civomezi sikuoneka n'komwe. Mbali yaikulu ya nchito imacitika pakati pa misonkhano, kunyumba, kumsika ndi kuchalichi, ndipo n'zacizolowezi kuti nkhawa ikwere pang'ono m'masabata oyamba pamene munthu wayamba kucita zimene anali kuthawa.

Kwa amene safuna CBT kapena siinawathandize mokwanira, dotolo akhoza kulemba mankhwala monga sertraline kapena escitalopram, amene amatenga masabata angapo asanayambe kugwira nchito ndipo saleka kumwedwa mwadzidzidzi. Amene ali ndi maganizo ofuna kudzipha asadikire tsiku limene anapatsidwa. Apite ku cipatala capafupi tsiku lomwelo, kapena aimbe lamya yaulere ya Lifeline/Childline Zambia pa 933, ndi pa 116 ngati ndi mwana.