Misampha Itatu ya M'kaganizidwe

Ntchito ya mphunzitsi siithera pa kuwerenga ndi masamu. Mwana afika m'kalasi atasenza zimene wamva kumudzi, zina zoona, zina zosaona, ndipo akapanda kuphunzira kuziyesa adzasenza zonse pamodzi kufikira ukalamba wake. Tsono tiyeni tione misampha itatu imene ikola maganizo a anthu, ngakhale ophunzira kwambiri, ndipo tiilondole ndi nkhani ya malungo.

Msampha woyamba ndiwo kuyesa kuti chimene chayamba kuchitika ndicho chabala chimene chatsatapo. Kale anthu a ku Ulaya anaona kuti okhala pafupi ndi madambo anali kudwala malungo kawirikawiri, ndipo anati nthendayo ichokera ku mpweya wonunkha wa m'madambomo. Dzina lake la m'Chingerezi linachokera ku mawu a Chitaliyana otanthauza mpweya woipa. Kwathu kuno alipo onena kuti malungo adza chifukwa cha kuvumbwa ndi mvula, kapena kudya chimanga chachiwisi. Onsewa sananame pa zimene anaona ndi maso, analakwa polumikiza. M'chaka cha 1880 Alphonse Laveran, dokotala wa ku France wogwira ntchito ku Algeria, anaona tizilombo ta malungo m'magazi a wodwala. M'chaka cha 1897 Ronald Ross, ali ku India, anapeza tizilomboto m'mimba mwa udzudzu. Pamenepo chobisika chinaululika. Dambo ndi mvula zisunga madzi, m'madzimo udzudzu uswana, ndipo chimanga chachiwisi chidyedwa pa nyengo yomweyo imene udzudzu uchuluka. Zinthu ziwiri zikayendera limodzi, tifunse ngati palibe chachitatu chimene chiziyendetsa.

Msampha wachiwiri ndiwo kuweruza zonse ndi zochepa. Munthu atentha thupi, amwa muzu wakutiwakuti, nachira. Mawa lake alalikira kuti muzuwo uchiza malungo. Koma kutentha thupi kuli ndi magwero ambiri, ndipo kwina kutha kokha. Ndiponso wochira ayenda nasimba, pamene iye amene muzuwo unamlephera sasimba kanthu. Msampha umenewu ukola aphunzitsi kwambiri. Ana awiri a mudzi wina akalephera masamu, mphunzitsi ayamba kunena kuti ana a mudzi umenewo ngogona, ndipo wachitatu, amene akadakhoza, aweruzidwa asanagwire n'choko komwe.

Msampha wachitatu ndiwo kuyang'ana wonena m'malo mwa zimene wanena. Tivomera mawu chifukwa awanena ndi wamkulu, kapena chifukwa onena achuluka. Tiwakana chifukwa awanena ndi mwana, kapena munthu amene tidana naye. Chiphunzitso cha mpweya woipa chinakhala zaka mazanamazana, ndipo ochigwiritsa anali madokotala otchuka. Inde, mawu a akulu akoma akagonera, pakuti akulu aona zambiri. Koma chimene tilemekeza ndicho zimene anaonazo, ndipo kufunsa kuti anaona chiyani si mwano. Ross yemwe sitimkhulupirira chifukwa cha mphotho ya Nobel imene analandira m'chaka cha 1902. Timkhulupirira chifukwa ena anayesa napeza zomwezo, monga Giovanni Grassi ndi anzake ku Italy, amene m'chaka cha 1898 anatsimikiza kuti udzudzu wa mtundu wa Anopheles ndiwo upatsira anthu malungo.

Nanga inu mudzachitanji m'kalasi mwanu? Zoloweretsani ana mafunso atatu: Wadziwa bwanji? Waziona kangati? Kodi palibe chifukwa china? Musangowauza, koma muwaonetse. Atunge madzi a m'chithaphwi okhala ndi mphutsi za udzudzu, awathire m'botolo, aphimbe pakamwa pake ndi kansalu, nayang'ane tsiku ndi tsiku. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri adzaona udzudzu uli m'botolomo. Pamenepo afunseni chimene mvula ichita pa nkhani ya malungo, ndipo muwasiye apeze okha yankho.

Koma dziwani kuti mafunso amenewa adzabwerera kwa inu. Tsiku lina mwana adzaimika dzanja nati, “Aphunzitsi, mwadziwa bwanji?” Mukamkalipira, kalasi lonse lidzaphunzira kuti wamkulu safunsidwa, ndipo mwawatchera msampha wachitatu ndi manja anu. Muyankheni bwino, ndipo ngati simudziwa, nenani kuti simudziwa, mukafufuze naye pamodzi. Paja safunsa anadya phula.